Ku Oban musangojambula nyanja, funsani za mabwinja

Ukatsika sitima yapamtunda ku Oban, utayenda maola atatu kuchokera ku Glasgow, choyamba kukulonjera ndi fungo la nsomba komanso phokoso la mbalame zakunyanja. Tauniyi ndi yaing'ono, ili kumadzulo kwa Scotland, koma nyengo yotentha alendo amachita kupondana zala.

Pamwamba pa phiri pali chimpanda chozungulira chamiyala chotchedwa McCaig's Tower. Mkulu wina wa banki, John Stuart McCaig, adayamba kuchimanga mu 1897 kuti amisiri a miyala asamakhale manja lende nthawi yozizira. Adamwalira mu 1902 ntchito isadathe. Ukaima pamenepo, doko lonse ndi zilumba zakutsidya zimaoneka bwinobwino.

Komatu ulendo weniweni uli pamadzi. Sitima ya CalMac imakakutula ku Craignure, pachilumba cha Mull, ola lisadakwane. Ambiri amapitirira ku Iona, komwe Columba adakhazikitsa nyumba ya amonke mu 563. Inu mukafika, patukani mukaone kachilumba ka Ulva. Kuitana boti n'kosavuta: umangokankha kathabwa padoko kuti mtundu wofiira uonekere, woyendetsa n'kubwera kudzakutenga.

Ku Ulva ndiye kwawo kwa agogo ake a David Livingstone. Iwo adachokako mu 1792 kupita ku Blantyre wa ku Scotland, yemwe dzina lake lidadzafika kuno kwathu.

Lero kuli zii, msipu wokhawokha ndi mabwinja a nyumba zamiyala. Mlendo amati, "Koma kukongola!" Chonsecho m'zaka za m'ma 1830 kunkakhala anthu pafupifupi 600. Francis Clark atagula chilumbachi mu 1835, malonda a ndere zam'nyanja atalowa pansi, mbatatesi n'kuola m'minda, adathamangitsa mabanja ambiri n'kuikamo nkhosa. Pofika 2018, otsala sankakwana ndi khumi omwe.

Chaka chomwecho, anthu a m'deralo adagula chilumbachi mothandizidwa ndi ndalama za boma la Scotland, ndipo adayamba kukonza nyumba kuti mabanja abwerere.

Wa ku Thyolo kapena Mulanje, yemwe amalima kadimba m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, nkhaniyi siyachilendo. Chachilendo n'chakuti malo aja adabwereradi m'manja mwa anthu, ngakhale zidatenga zaka zoposa 180.