NTHANO ZA OSEWERA POKÉMON

M'dziko la Japan, pafupi ndi mzinda waukuru wa Tokyo, muli malo ochedwa Machida. Kumeneko ndiko kunakulira mnyamata wina dzina lace Satoshi Tajiri, amene anabadwa m'caka ca 1965. Mnyamatayu anali kukonda kugwira zikumbu ndi tizirombo tina m'chire ndi m'mbali mwa maiwe, kotero kuti anzace anamucha Dokotala wa Tizirombo. Koma m'mene anali kukula, chire lija linatha, pakuti anthu anamangapo nyumba ndi miseu. Tsono Tajiri anafuna kuti ana a m'mizinda alaweko cimwemwe cimene iye anali naco pa ubwana wace.

Iye ndi anzace a m'kampani ya Game Freak anagwira nchito zaka 6, ndipo pa 27 February 1996 kampani ya Nintendo inaturutsa masewera ao. Dzina loti Pokémon ndi cidule ca mau awiri a Cingelezi otanthauza zirombo za m'thumba. Anthu anali kusewera masewerawa pa kamakina kogwira m'manja kochedwa Game Boy. Wosewera amayenda m'dziko lopeka, nagwira zirombo m'timipira, naziphunzitsa kumenyana ndi zirombo za ena. Zina zikakula zimasandulika, monga mbozi isandulika gulugufe. Poyamba zirombozi zinalipo 151, koma lero zapitirira 1,000.

Cifukwa cace nthano zinabuka

M'masewerawa muli buku lochedwa Pokédex. Wosewera akagwira cirombo, bukuli limamuuza dzina lace, msinkhu wace, kulemera kwace, ndi mau owerengeka chabe onena za makhalidwe ace. Kamakina ka Game Boy sikanali kutha kusunga zambiri. Zithunzi zinali zazing'ono, ndipo mau anali ocepa. Cotero panatsala mipata yambiri m'nkhani. Cirombo ici cinacokera kuti? Nanga cija cifanana bwanji ndi cinzace? Masewera sanayankhe.

Mlenje akaona mapazi pa mcenga, amadziwa kuti papita nyama ngakhale sanaione ndi maso. Amayang'ana kukula kwa mapaziwo ndi kumene aloza, nanena kuti, "Apa papita mphoyo dzulo usiku." Nthawi zina amalondola, nthawi zina amaphonya. Osewera Pokémon anacita cimodzimodzi. Anayang'anitsitsa zithunzi, nawerenga mau a m'buku lija, nayamba kulumikiza zizindikiro. Nkhani zao zinafala m'mabwalo a sukulu, m'magazini, ndipo pambuyo pace pa intaneti. Tiyeni tione zina mwa nkhanizi, ndipo tiyese kulemera kwa iri yonse.

Mwana wamasiye wobvala cigaza

Cubone ndi kacirombo kakang'ono kamene kamabvala cigaza kumutu, ndipo kamagwira pfupa m'dzanja. Buku lija linena kuti cigazaco ndi ca amace amene anafa. M'masewera oyamba muli mudzi wa Lavender, mmene muli nsanja ya manda a zirombo. M'nsanjamo wosewera amakomana ndi mzimu wa mai wa Cubone, amene anaphedwa ndi gulu la akuba lochedwa Team Rocket. Izi zonse masewera anena poyera.

Tsono pali cirombo cina, Kangaskhan, cofanana ndi kangaru wa ku Australia, cimene cimasunga mwana wace m'thumba la pamimba. Osewera anaona kuti kamwana ka m'thumbako kafanana ndi Cubone pa thupi ndi pa mcira, ndipo anati, "Kangaskhan akafa, mwana wace amatola cigaza ca amace nasanduka Cubone." M'caka ca 2016, m'masewera a Pokémon Sun ndi Pokémon Moon, Cubone akapanikizidwa pa nkhondo amaitana thandizo, ndipo nthawi zina amene amabwera ndiye Kangaskhan. Okhulupirira nkhaniyi anakondwa ndithu.

Komatu tisathamange. Masewera omwewo atiuza kuti mzimu wa m'nsanja uja unali wa Marowak, si wa Kangaskhan iai. Cubone akakula amasanduka Marowak, ndipo dzira la Marowak limaswa Cubone. Cotero nkhaniyi iri ndi umboni wouthandiza, irinso ndi umboni woutsutsa. Munthu woona mtima amachula mbali zonse ziwiri.

Cirombo ndi mthunzi wace

Clefable ndi cirombo cofatsa, conenepa, ca makutu osongoka. Gengar ndi mzukwa wakuda wa maso ofiira, amene buku limamucha cirombo ca mthunzi. Mukaika zithunzi zao pamodzi mudzaona kuti matupi ao afanana: makutu, manja aafupi, ndi miyendo yomwe. Clefable alemera makilogramu 40, ndipo Gengar alemera makilogramu 40.5. Cotero osewera anati Gengar ndiye mthunzi wa Clefable umene unacoka kwa mwini wace nuyamba kuyenda wokha.

Anaonjezapo umboni wina. M'masewera akale Clefable anali wa mtundu wa zirombo wamba, ndipo nkhonya za mtundu umenewu sizikhudza mizukwa, monganso mphamvu za mizukwa sizikhudza zirombo wamba. Anati, "Kodi munthu angathe kumenya mthunzi wace?" Mau amenewa anamveka okoma. Koma m'caka ca 2013 opanga masewera anamcotsa Clefable m'mtundu umenewo namuika m'mtundu watsopano, ndipo kuyambira pamenepo Gengar akhoza kumpweteka Clefable kwambiri. Umboni umodzi unagwa. Apa tiphunzirapo kuti ganizo limene lioneka lolimba lero likhoza kufoka mawa, cinthu catsopano cikadziwika.

Ditto ndi Mew

Nkhani ina ndiyo ya Ditto, cirombo copanda maonekedwe eni eni, cangati phala lotayikira pansi. Ditto ali ndi luso limodzi lokha, lodzisanduliza kukhala cirombo ciri conse cimene waciona. Mwa zirombo 151 zoyamba zija, cina cokha cimene cimaphunzira luso limeneli ndico Mew, cirombo cosowa koposa zonse. Ditto alemera makilogramu 4, ndipo Mew alemeranso makilogramu 4.

Masewera atiuza kuti pa cisumbu ca Cinnabar pali nyumba yopasuka, mmene muli makalata onena za Mew ndi za Mewtwo, cirombo coopsa cimene akatswiri anacipanga kucokera kwa Mew. M'masewera a Pokémon Yellow, amene anaturuka m'caka ca 1998, Ditto amapezeka m'nyumba yomweyo. Osewera atalumikiza zonsezi anati, "Akatswiri aja anayesa kawiri kawiri asanapambane, ndipo zimene zinalephereka ndizo Ditto."

Pa nkhani imeneyi anthu anafunsa mwini nchito. M'caka ca 2012 olemba magazini ya ku America yochedwa Game Informer anafunsa Junichi Masuda, amene pa nthawiyo anali mmodzi wa akuru a Game Freak, amenenso anapeka nyimbo za m'masewera oyamba. Iye anayankha kuti aka kanali koyamba kuimva nkhaniyo. Zizindikiro zinali zambiri, koma wopanga masewera sanazibvomereze. Zinthu ziwiri zikhoza kufanana popanda cibale, monga anthu awiri a msinkhu umodzi sakhala ana a mai mmodzi cifukwa ca msinkhuwo.

Nkhani ya mumtima

Pali mtundu wina wa nthano umene susowa umboni wambiri. M'masewera oyamba wosewera ali ndi mnzace wopikisana naye, mnyamata wamatama ndi wonyoza. Akakomana m'sitima ya pamadzi yochedwa S.S. Anne, mnyamatayo ali ndi Raticate, cirombo cangati khoswe wamkuru. Akakomananso m'nsanja ya manda ku Lavender, Raticate uja palibe, ndipo saonekanso konse. Osewera ena anati khosweyo anabvulala pa nkhondo ya m'sitima, nafa, ndipo mnyamatayo anadza ku manda kudzamuika.

Masewera sanena kuti Raticate anafa. Mnyamatayo m'nsanjamo amangodzitama kuti wagwira Cubone, ndipo wosewera ali yense amadziwa kuti cirombo cimene sacifunanso amacisunga m'kompyuta. Koma ambiri amaikonda nkhaniyi cifukwa imasanduliza mnyamata wonyoza kukhala munthu wobisa cisoni cace. Akaikhulupirira, amaleka kumuda nayamba kumcitira cifundo.

Enanso amapeka zao zao. Wina amacha cirombo cace dzina, nanena mumtima mwace kuti cimaopa mabingu, kapena kuti cimakonda kugona pa mapazi a mbuye wace. Wina amati zirombo zace ziwiri ndi mkuru ndi mng'ono wace. Nkhani zotere palibe angazitsutse, pakuti mwini wace sanena kuti zinalembedwa pena pace. Ziri ngati mwana woumba ng'ombe zadothi, amene amadziwa dzina ndi khalidwe la ng'ombe iri yonse. Colakwa cimayamba pokhapo pamene munthu akakamiza anzace kuti nkhani ya mumtima mwace ndiyo yoona, nakwiyira onse osaibvomera.

Lole ya pa dooko

Tsopano tifike pa nkhani imene inapweteka anthu. Pa dooko la mzinda wa Vermilion, pafupi ndi sitima ija, opanga masewera anajambula lole imodzi pa malo obvuta kufikapo. Mphekesera inafala m'maiko ambiri kuti munthu akaikankha loleyo ndi cirombo camphamvu adzapeza Mew pansi pace. Kufika pamenepo kunali kobvuta, cifukwa sitima ikacoka njira imatsekeka. Ana ena anafafaniza masewera ao onse nayambanso paciyambi, nataya zirombo zimene anazilera masiku ambiri. Atafika, anakankha, nakankha, koma lole sinasunthe. Pansi pace panalibe kanthu.

Akuru amati umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Nanga cinacititsa nciani kuti ana ambiri cotere akhulupirire bodza? Cifukwa cace ndi cakuti bodzali linatsamira pa coona. Mew analimodi m'masewera. Mmisiri wina wa ku Game Freak, Shigeki Morimoto, anamlowetsamo mwakacetecete nchito iri pafupi kutha, pa kampata kakang'ono kamene kanatsala. Panalibe njira yoikika yomgwirira, koma osewera ena anamuona makina atasokonezeka. M'caka ca 1996 magazini ya ana ya ku Japan yochedwa CoroCoro inalengeza kuti idzapatsa Mew kwa ana 20, ndipo amene analembera anali ngati 78,000. Tsono popeza Mew anali woona, ana anaganiza kuti za lolezo nzoonanso. Ndipo ali yense anali kunena kuti anamva kwa mnzace, amenenso anamva kwa mbale wace. Woona ndi maso ace panalibe.

Opanga masewera anaimva nkhaniyi. Pamene anakonzanso masewera akalewo m'caka ca 2004, anaisiya lole pa malo ace, nabisa kakeke kamodzi pafupi pace, kuti wobvutika kufikako asabwerere cimanjamanja.

Kusiyanitsa

Taona tsono kuti nkhani za osewera ziri za mitundu yosiyana. Pali zimene masewera anena poyera, monga imfa ya mai wa Cubone. Pali zoganizira, zomangidwa pa zizindikiro, monga za Gengar ndi za Ditto. Izi ziyenera kuyesedwa, ndipo mwini wace ayenera kulola kuzisiya umboni ukamtsutsa. Pali za mumtima, zimene munthu amadzipekera kuti akondwe nazo. Ndipo pali mphekesera, imene imabvala cobvala ca coona nitayitsa anthu nthawi ndi cuma.

Kuganizira si kulakwa iai. Mwana amene anayamba kuona kuti Ditto ndi Mew alemera cimodzimodzi anali ndi maso akuthwa, ndipo maso otere ndiwo afunika kwa dokotala, kwa woweruza mirandu, ndi kwa wolemba mbiri. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Inu ana, mukamva nkhani yodabwitsa, kaya ya masewera, kaya ya mankhwala, kaya ya munthu mnzanu, dzifunseni mafunso atatu. Ananena ndani? Anaona yekha, kapena anangomva? Pali cina cotsutsana nayo? Ndipo pofotokozera ena, musacite manyazi kuyamba ndi mau akuti, "Ine ndiganiza." Mau awiri amenewa akadanenedwa pa nkhani ya lole ija, ana ambiri sakadataya zirombo zao.

MAFUNSO

1. Kodi Satoshi Tajiri anali kukonda kucita ciani pa ubwana wace?
2. Cifukwa ninji m'masewera oyamba munatsala mipata yambiri m'nkhani?
3. Chulani umboni umodzi wothandiza ndi umodzi wotsutsa nkhani ya Cubone ndi Kangaskhan.
4. Cinacitika nciani m'caka ca 2013 cimene cinafoketsa nkhani ya Gengar?
5. Fotokozani cifukwa cace ana ambiri anakhulupirira za lole ya pa dooko.
6. Lembani mphekesera imodzi imene munaimvapo, ndipo muiyese ndi mafunso atatu aja.