Kusintha Kandodo ka Indiketa pa Galimoto

Aliyense amene anayendapo pa msewu wafumbi wochoka ku Chipata kupita ku Vubwi, boma lija linapatulidwa ku Chadiza m'chaka cha 2012, adziwa kuti galimoto ya kumeneko imakalamba msanga, pakuti fumbi la m'chilimwe limalowa ngakhale m'malo obisika, ndipo mabampu amamasula zimene amisiri a ku Japan anamanga molimba. Mwa ziwalo zofooka chotero muli kandodo ka indiketa, kaja kali kuseri kwa chiwongolero, kamene pa Toyota zambiri za ku Japan kamakhala kudzanja lamanja.

Komatu mwini galimoto asafulumire kukaweruza kandodoko, pakuti safunsa anadya phula. Nyali ikamaphethira mofulumira kuposa masiku onse, kawirikawiri ndi babu limene lapsa. Ikakana kuyaka mbali zonse ziwiri, ayambe waona fyuzi ndi kabokosi kophethiritsa kaja amakaniko amati fulasha. Zonsezi zikapezeka zili bwino, kapena kandodo kakamalendewera osabwerera pakati galimoto itatha kukhota, pamenepo ndiye kuti nthawi yokasintha yakwana.

Mmisiri wanzeru amayamba waimika matayala akutsogolo mowongoka, nachotsa waya wa negetivi pa batire, nadikira masekondi 90 monga a Toyota alangizira, kuti airbag ya m'chiwongolero ingamuphulikire kumaso. Atatero amamasula masikulu a zivindikiro ziwiri za pulasitiki zokuta khosi la chiwongolero, nazula pulagi mwa kukanikiza kadzino kake, osati kukoka mawaya, ndipo kandodo kamatuluka akamasula masikulu ake kapena kukanikiza loko wake. Mawaya achikasu ndi a airbag, asawakhudze konse. Pa galimoto zina chiwongolero chenichenicho chiyenera kuyamba chachoka. Apo mwini ake apereke ntchito kwa makaniko wozolowera, popeza pansi pa chiwongolerocho pali lamba wopyapyala wa mawaya wokulungidwa, wopita ku hutala ndi ku airbag, amene akapotozedwa mopitirira amaduka.

Popita kukagula kandodo kena m'mashopu a zipangizo ku Chipata, munthu anyamule kakaleko kuti akafanizire mapini a pulagi, chifukwa ma Corolla sali amodzimodzi, ndipo kogwiritsidwapo ntchito kale kamatha kunyezimira kunja m'kati muli dzimbiri. Akakamanga, ayese nyali zonse, zazikulu ndi zokhotera, asanabwezere zivindikiro.

A RTSA, bungwe loyang'anira za pamsewu m'Zambia, amayang'ana nyali zimenezi poyesa galimoto, koma chachikulu ndi moyo wa wapanjinga ndi woyendetsa ngolo ya ng'ombe, amene sangadziwe za mumtima mwa dalaivala pa mphambano. Chotero inu oyendetsa galimoto, pamene mukudikira kandodo katsopano tulutsani dzanja pa windo musanakhote, ndipo musazengereze kukonza.