Galimoto Yobiriwira ya M'kanema wa Bullitt

Ambiri a ife makolo timadabwa kuona ana athu ali kukamwa yasa pamene magalimoto akuthamangitsana m'kanema. Mwezi uno tiyeni tione mbiri ya galimoto imodzi yotere, kuti tidziwe zimene zimachitika kuseri.

M'chaka cha 1968 kampani ya Warner Bros. inatulutsa kanema wotchedwa Bullitt, m'mene Steve McQueen anali wapolisi wa mumzinda wa San Francisco, ku America. Kampani ya Ford inapereka magalimoto awiri obiriwira a mtundu wa Mustang GT, okhala ndi injini ya masilinda 8, ya malita 6.4. Popeza misewu ya mzindawo ndi ya zitunda ndi zitsetse, makaniko wodziwa za mipikisano, Max Balchowsky, analimbitsa masipuling'i ndi zitsulo zapansi kuti galimoto isathyoke potera ikadumpha. Chizindikiro cha kavalo cha kutsogolo chinachotsedwa, ndipo anawotcherera zitsulo zogwira makamera.

M'kanemamo Mustang ikuthamangitsana ndi Dodge Charger yakuda, yoyendetsedwa ndi Bill Hickman, kwa mphindi pafupifupi 11. Koma mphindi zimenezi zinajambulidwa masiku ambiri, misewu itatsekedwa, ndipo m'malo oopsa kwambiri akatswiri monga Bud Ekins ndiwo anayendetsa m'malo mwa McQueen. Pambuyo pake Frank P. Keller analumikiza zidutswazo mwaluso, nalandira mphoto ya Oscar. Kuona maso a nkhono n'kudekha: woyang'anitsitsa adzapeza kuti kagalimoto kamodzi ka Volkswagen akukapitirira kangapo, chifukwa malo amodzimodzi anajambulidwa ndi makamera angapo.

Nanga magalimoto awiriwo anathera kuti? Imene inkadumpha inawonongeka kwambiri, ndipo za kupezeka kwake ku Mexico zinamveka m'chaka cha 2017. Inzake inagulidwa ndi banja lina la ku New Jersey m'chaka cha 1974. Mayi wa m'banjamo, amene anali mphunzitsi, ankapita nayo kusukulu. M'chaka cha 1977 McQueen analemba kalata yopempha kuti amugulitse, koma banjalo silinalole. Kilatchi itafa mu 1980, anaitsekera m'galaja zaka zambiri. Mwana wawo anaionetsa poyera ku Detroit mu 2018, ndipo mu Januwale 2020 inagulidwa pa okushoni ku Florida pa madola 3.74 miliyoni, ili ndi dzimbiri ndi zokalika zake zakale.

Inu achinyamata amene mukuphunzira kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, kumbukirani kuti liwiro la m'kanema lili ndi makaniko, akatswiri ndi misewu yotsekedwa kumbuyo kwake, ndipo zikalakwika amajambulanso. Msewu wathu uli ndi ana a sukulu, a njinga ndi amayi osenza katundu, ndipo palibe amene angautseke chifukwa cha inu. Ifenso makolo tisamangozimitsa kanema mokalipa. Tikhale pansi ndi ana athu, tiwafunse m'mene akuganizira kuti zinthuzo zinajambulidwira, kenaka tiwafotokozere.