Amisiri a Magetsi ku America: Ntchito Poyamba, Digiri Pambuyo

Ku America, amene akufuna kudya za magetsi nthawi zambiri amayamba ndi kukhala wophunzira pansi pa mmisiri wodziwa kwa zaka zinayi kapena zisanu. Pa nthawiyi amayenera kukwanitsa maola pafupifupi 8,000 ali pantchito yeniyeni, komanso maola osachepera 144 a m'kalasi chaka chilichonse. Chokoma chake n'chakuti amalandira malipiro kuyambira tsiku loyamba. Amayamba ndi pafupifupi theka la zimene amalandira mmisiri wokhwima, ndipo ndalamazo zimakwera luso likamakula.

Dongosololi linayamba kalekale. Dera la Wisconsin ndilo linayamba kukhazikitsa lamulo loteteza ophunzira ntchito mu 1911, ndipo mu 1937 boma lalikulu linaika lamulo la dziko lonse. Amisiriwo anali atagwirizana kale: bungwe lawo la IBEW linabadwa mu 1891 ku St. Louis, nthawi imene anthu oyala mawaya ankafa kawirikawiri. Mtsogoleri wawo woyamba, Henry Miller, anamwalira mu 1896 atagwidwa ndi magetsi n'kugwa pamtengo wa mawaya. N'chifukwa chake pantchitoyi phunziro loyamba ndi la kusamala moyo.

Wophunzira wa chaka choyamba amakhala wotumidwa. Amanyamula makwerero, kukumba ngalande, kukoka mawaya m'denga motentha. Kenako amamupatsa chitsulo chopindira mapaipi odutsamo mawaya: amayeza, kuika chizindikiro ndi pensulo, kuponda ndi phazi n'kukoka pang'onopang'ono, chifukwa akapitiriza muyeso paipiyo yatayika. Asanagwire waya, amathimitsa magetsi, kutseka swichi ndi loko wakewake, kiyi n'kuika m'thumba, kenako n'kuyeza ndi chida ngati magetsi achokadi. Madzulo, thupi lili lefu, amakakhala m'kalasi kuwerengera masamu ndi kuphunzira buku la malamulo a magetsi lotchedwa National Electrical Code, limene limakonzedwanso zaka zitatu zilizonse.

Akamaliza amatchedwa journeyman, ndipo m'madera ambiri amalemba mayeso kuti apeze laisensi. Akagwiranso zaka zingapo angathe kuyesedwa kuti akhale master electrician, amene amaloledwa kuyang'anira anzake, ndipo m'madera ena laisensi imeneyi ndiyo imatsegula khomo loyambitsa kampani. Ntchito zake n'zamitundumitundu: ena amaika magetsi m'nyumba za anthu, ena m'zipatala ndi m'mafakitale, enanso atembenukira ku magetsi a dzuwa. Amayi alipo, ngakhale akadali ochepa kwambiri.

Koma ntchito ya manja imadya thupi. Mawondo ndi msana sizikhala zolimba mpaka kalekale, ndipo mmisiri akamakula amayamba kulakalaka udindo wa kapitawo, wowerengera mitengo ya ntchito, woyendera nyumba zomangidwa kapena mphunzitsi. Maudindo ngati amenewa amafuna munthu wodziwa kulemba lipoti, kuwerenga mapulani ndi kuyendetsa ndalama, ndipo olemba ntchito ena amafunsa pepala la kukoleji. Apa ndi pamene makoleji a m'madera amathandiza. Makolejiwa ndi otsika mtengo, amalandira anthu a msinkhu uliwonse, amaphunzitsa ngakhale usiku, ndipo amapereka digiri ya zaka ziwiri. Yakale kwambiri mwa makoleji aboma oterewa ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, imene inayamba mu 1901.

Chimene ndimachiyamikira koposa n'chakuti ambiri mwa makolejiwa amawerengera zaka za kuphunzira pantchito ngati gawo la digiri. Ku Indiana, koleji ya Ivy Tech imagwirizana ndi mabungwe a amisiri a zomangamanga kotero kuti wophunzira akawonjezera maphunziro ochepa, monga a kalembedwe ndi kakhalidwe ka anthu, amatuluka ndi zonse ziwiri: umisiri ndi digiri. Sauzidwa kuti ayambirenso pachiyambi ngati kuti zimene manja ake adziwa zilibe ntchito. Akafuna, digiriyo amatha kupitiriza nayo kuyunivesite.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Komabe amisiri athu ambiri anaphunzirira pagalaja, pashedi ya kalipentala kapena pambuyo pa malume awo, ndipo luso ali nalo koma pepala alibe. Ntchito zazikulu zikabwera amangolembedwa ganyu, dzina n'kukhala la wina. Tikufunika njira yotakata, yodziwika kwa aliyense, yoti mmisiri wotere ayesedwe pa zimene amadziwa, aphunzire zotsalazo madzulo osasiya ntchito yodyetsa ana ake, ndipo akwere mpaka pamene nzeru zake zingamufikitse.