Akalipentala a ku Chiradzulu akusowa matabwa ndi ogula

Munthu woyenda pamsewu wa M3 kuchokera ku Limbe kupita ku Zomba amawaonabe akalipentala pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, ali m'mashedi awo, pulena ili m'manja. Chimene chasintha ndi katundu amene amayalika panja. Kale pankakhala mipando ya ndalema, matebulo ndi makabati a mlombwa. Lero pamapezeka kwambiri zitseko, mabedi a paini ndi mabokosi a maliro.

Luso limeneli si lachilendo m'dera lino. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, inkaphunzitsa anyamata ukalipentala, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amisiri akhala akusiyirana ntchitoyi, mwana kuphunzira kwa bambo kapena kwa malume ake.

Vuto loyamba ndi matabwa. Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, koma kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000. Malo ambiri ndi minda, ndipo mitengo yachilengedwe inapita ndi nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa. Mlombwa ndi mbawa, mitengo imene inkapatsa mmisiri ulemu chifukwa mpando wake unkafika kwa adzukulu, ndi yosowa. Mmisiri watsala ndi bulugama, amene amang'aluka ndi kupindika akapanda kuuma bwino, ndiponso paini wogula kutali pamtengo wokwera. Misomali, guluu, vanishi ndi mahinjesi zambiri zimachokera kunja, choncho pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kalipentala wa ku Namitambo anazimva tsiku lomwe anapita kukagula zipangizo ku Limbe.

Ogula nawonso asintha mtima. Banja latsopano likufuna sofa yofewa ndi kabati yonyezimira yonga imene laona pa Facebook kapena m'masitolo a mu Blantyre, yochokera ku China kapena ku South Africa. Zambiri mwa zimenezi ndi za utuchi wopanikiza, ndipo zikangonyowa zimafufuma. Mmisiri amadziwa zimenezi, amawachenjeza, koma maso a wogula amakhala atakopeka kale. Pa ukwati, pa maliro ndi m'matchalitchi, mipando yapulasitiki yalanda malo a mabenchi chifukwa ndi yopepuka komanso imabwerekedwa. Mafelemu a mawindo anapita kwa owotcherera zitsulo.

N'zomvetsa chisoni kuti munthu wodziwa kulumikiza matabwa popanda msomali akudalira imfa za anzake kuti adye. Bokosi la maliro silidikira kukolola, ndipo anamfedwa amalipira tsiku lomwelo, pamene wogula bedi amapereka theka n'kusowa miyezi.

Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja, kuphatikizapo mipando ndi matebulo amatabwa. Cholinga chake chinali chabwino, koma lamulo lotere limathandiza msanga mafakitale a mumzinda amene ali ndi makina. Kalipentala wakumudzi alibe magetsi, amacheka ndi sowo yamanja, ndipo alibe mpamba wogulira matabwa n'kuwasunga kuti aume. Bungwe la TEVETA limathandiza achinyamata kuphunzira ukalipentala, koma womaliza maphunziro amafunikabe zida ndi msika. Ambiri mwa anyamata amene akanalowa m'mashediwa akusankha kabaza wa njinga yamoto, ena akukwera basi ya ku Joni.