Kodi Fungo Lokoma M'nyumba Ndiwo Ukhondo?

Masiku ano m'masitolo a m'tauni ngakhalenso m'maokala a kumudzi mwadzaza katundu wonunkhiritsa. Muli sopo waufa wa fungo la maluŵa, mankhwala ofeŵetsa zovala, mankhwala opopera m'chipinda ndi m'chimbudzi, makandulo onunkhira, lubani ndi timapepala tonunkhira topachika m'galimoto. Otsatsa malonda amatiuza kuti nyumba yonunkhira ndiyo nyumba yaukhondo, ndipo amayi ambiri okonda mabanja awo amapatula kandalama kogulira zinthu zimenezi pofuna kuti alendo asawanene kuti ndi auve. Cholinga chawo n'chabwino ndithu. Komabe pali funso limene tiyenera kudzifunsa: kodi fungo lija likatuluka m'botolo limapita kuti? Limasakanikira ndi mpweya wa m'nyumba, ndipo mpweya umenewo ndi womwe ife ndi ana athu timapuma usiku wonse zitseko zili chitsekere.

Fungo Ndi Chiyani?

Chilichonse chimene mphuno yamva ndiye kuti chaloŵa kale m'thupi. Fungo ndi tizidutswa tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timauluka kuchokera ku chinthu chonunkhiracho, monga m'mene petulo amaulukira mukasiya chigubu chosatseka. Tizidutswa timeneti timadutsa m'mphuno ndi kukhosi mpaka kukafika m'mapapo.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, pamene khanda lobadwa kumene limapuma ka 30 mpaka ka 60. Poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake, khanda limakoka mpweya wambiri kuposa munthu wamkulu, chikhalirecho mapapo ake ndi anthete. N'chifukwa chake chinthu chimene bambo sachimva n'komwe chikhoza kumsautsa mwana.

Tidziŵenso kuti mankhwala ambiri opopera sachotsa uve umene ukununkhawo. Amangoika fungo lamphamvu pamwamba pa fungo loipa. Ngati m'chipinda mukununkha chifukwa cha mkodzo pamphasa, nkhungu pakhoma kapena khoswe wofera kudenga, zonsezi zimakhalapobe mutapopera. Pakapita kanthaŵi mphuno imazoloŵera fungo lokoma lija, mwini nyumba n'kumayesa kuti latha, n'kupoperanso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zimene Akatswiri Anapeza

M'chaka cha 2011 mayi wina wophunzira kwambiri, Anne Steinemann, amene nthaŵi imeneyo anali pa yunivesite ya Washington ku America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi anzake. Iwo anayeza mitundu 25 ya katundu wonunkhira wogulidwa kwambiri, monga sopo wochapira, mankhwala ofeŵetsa zovala, mankhwala opopera ndi otsukira m'nyumba. Anapeza kuti katunduyo ankatulutsa mankhwala ouluka a mitundu 133, ndipo pa mitundu imeneyi 24 inali m'gulu la mankhwala amene malamulo a dziko la America amati ndi oopsa. Panalibe katundu ndi mmodzi yemwe amene sanatulutseko mankhwala a m'gulu limeneli. Chodabwitsa china n'chakuti pafupifupi maina onse a mankhwalaŵa sanalembedwe pa mabotolo, ndipo katundu wolembedwa kuti ndi "wachilengedwe" sanasiyane kwenikweni ndi winayo.

Mankhwala amene anapezeka kaŵirikaŵiri ndi limonene, amene amapereka fungo la mandimu ndi malalanje. Paokha mankhwalaŵa si oopsa kwenikweni, pakuti ndi omwe aja timamva tikamasenda lalanje. Koma akachuluka m'chipinda amakumana ndi mpweya wina wotchedwa ozoni, umene umaloŵa kuchokera panja, ndipo ziŵirizi zikasakanikira zimabala timafumbi tosaoneka pamodzi ndi mpweya wotchedwa formaldehyde. Mpweya umenewu umaŵaŵa m'maso ndi kukhosi, ndipo m'chaka cha 2004 nthambi yofufuza za khansa ya Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse inauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu.

Nanga anthu eni ake amamva bwanji? M'chaka cha 2016 mayi Steinemann anafunsa anthu akuluakulu oposa 1,100 a ku America, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse ananena kuti katundu wonunkhira amamdwalitsa. Ena anatchula kubanika, ena mutu waching'alang'ala, ena kuyabwa kwa maso ndi khungu. Ku Ulaya madokotala anatsatira anthu 3,500 a m'maiko 10 kwa zaka zingapo, ndipo m'chaka cha 2007 analengeza kuti chifuŵa cha mphumu chinkayamba kaŵirikaŵiri mwa anthu amene ankagwiritsa ntchito mankhwala opopera m'nyumba kamodzi kapena kupitirira pa mlungu. Mumzinda wa Bristol ku Britain, ofufuza anatsatira amayi zikwi zambiri ndi ana awo obadwa m'zaka za 1991 ndi 1992. Iwo anaona kuti m'nyumba zimene ankapoperamo zonunkhiritsa pafupipafupi, makanda odwala khutu ndi otsegula m'mimba anali ochulukirapo, ndipo amayi ambiri ankadandaula mutu.

Kodi Tinene Kuti Zonsezi Ndi Poizoni?

Iyayi, tisafike pamenepo. Kafukufuku wa mtundu umenewu amasonyeza kuti zinthu ziŵiri zikuyendera limodzi, koma payekha satsimikiza kuti china ndicho chabala chinzake. Ndiponso mankhwala amene amatuluka pa kuchapa kumodzi kapena kupopera kumodzi amakhala ochepa. Munthu wathanzi amene wachapa ndi sopo wonunkhira n'kuyanika zovala panja alibe chifukwa chochitira mantha.

Chimene tinganene mosakayika ndi ichi: katundu wonunkhira amaonjeza mankhwala mu mpweya wa m'nyumba, sachotsamo kanthu. Kuopsa kwake kumadalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa mankhwalawo, kutalika kwa nthaŵi imene munthu akuwapuma, ndiponso ngati m'chipindamo mukupita mphepo. Apa ndi pamene ife tiyenera kuchenjera koposa, pakuti nyumba zathu zambiri za kumudzi zili ndi timazenera tating'ono, ndipo tina tinatsekedwa ndi njerwa kapena zigamba poopa akuba ndi udzudzu. M'kachipinda kotere, mogona anthu anayi kapena asanu, mankhwala ochepa omwewo amasanduka ambiri.

Amene ali pangozi kwambiri ndi makanda, amayi oyembekezera, nkhalamba, odwala mphumu, odwala mutu waching'alang'ala, ndi onse amene mapapo awo anafooka kale chifukwa cha chifuŵa chachikulu kapena fodya. Khanda lobelekedwa kumbuyo limagoneka mphuno yake pa nsalu ya mayi tsiku lonse. Mankhwala ofeŵetsa zovala anapangidwa dala kuti atsalire pa nsalu ndi kumanunkhira masiku ambiri, motero mwanayo amawapuma ndi kuwakhudza nthaŵi yonseyo. Zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zimene kaŵirikaŵiri zimayambitsa zidzolo ndi kuyabwa pakhungu.

Zinthu Ziŵiri Zofala Kwathu Kuno

Choyamba ndi mankhwala a udzudzu opindika ngati nkhata, aja timayatsa usiku, amene ambiri amati koyilo. Ena a iwo amaikidwa fungo lokoma kuti utsi wake usanyanse, koma utsi ndi utsi basi. M'chaka cha 2003 akatswiri amene anayeza makoyilo ochokera ku China ndi ku Malaysia anapeza kuti koyilo imodzi ikapsa yonse imatulutsa timafumbi ta utsi tolingana ndi ta ndudu za fodya 75 mpaka 137. Kodi alipo mayi amene angalole kuti anthu asute ndudu zochuluka chotere pafupi ndi mwana wake wogona? Malungo ndi oopsa zedi, ndipo sitikunena kuti mugone osadziteteza. Chida chabwino ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, imene imateteza usiku wonse popanda utsi. Lubani ndi makandulo onunkhira nazonso zimatulutsa utsi, choncho zisayatsidwe m'chipinda chotseka.

Chachiŵiri ndi timibulu toyera tija timaika m'sutikesi kuti tithamangitse njenjete ndi mphemvu. Tambiri ta ito timapangidwa ndi mankhwala otchedwa naphthalene, amene amauluka pang'onopang'ono n'kuloŵerera m'zovala. Ana ena amabadwa ndi magazi opereŵera chinthu china chotchedwa G6PD, chimene chimateteza magazi kuti asaonongeke. Vuto limeneli n'lofala muno mu Africa, makamaka mwa ana aamuna, ndipo makolo ambiri sadziŵa kuti mwana wawo ali nalo. Khanda lotere likavekedwa zovala kapena kufunditsidwa bulangete losungidwa ndi timibulu timeneti, magazi ake akhoza kuonongeka msanga. Mwana amachita chikasu m'maso ndi pakhungu, ndipo chikasu chikakula chimaononga ubongo kapena kupha kumene. Inu amayi oyembekezera, musasunge zovala za mwana pamodzi ndi timibulu timeneti. Tiikeninso patali ndi ana oyenda, chifukwa amatiyesa maswiti.

Mdani Wamkulu Akadali Utsi wa Moto

Tingakhale tikunama titakusiyani ndi maganizo akuti botolo lopopera ndilo mdani wamkulu wa mpweya wa m'nyumba zathu. Mdani wamkulu ndi utsi wa nkhuni, makala, zitsononkho ndi nyali za koloboyi. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linaŵerengera kuti m'chaka cha 2020 mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka wochokera ku moto wophikira, unapha anthu pafupifupi 3,200,000 pa dziko lonse, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Utsi umenewu umathandizira kuyambitsa chibayo mwa ana, ndi matenda a mtima ndi a mapapo mwa akulu.

Tsono taonani chimene chimachitika. Zovala ndi zofunda zikanunkha utsi, mayi amathira zonunkhiritsa kuti fungo la utsi lisamveke. Utsi uja sunachoke, ndipo mapapo a mwana tsopano asenza akatundu aŵiri. Ndalama imene ikanathera pa zonunkhiritsa ingagwire ntchito yabwino itagula mbaula yadothi yosatha nkhuni, monga Chitetezo Mbaula, kapena itaboolera zenera lina kukhitchini.

Zoyenera Kuchita

1. Funani kumene fungo loipa likuchokera ndi kulichotsa. Yanikani mphasa, matiresi ndi zofunda padzuŵa. Matani podontha kuti khoma lisachite nkhungu. Tayani zinyalala m'dzenje tsiku ndi tsiku, ndipo ziŵeto zisagone m'nyumba ya anthu.

2. Tsegulani mazenera ndi zitseko m'maŵa uliwonse kuti mphepo idutse. Pomanga nyumba yatsopano ikani mazenera mbali ziŵiri zopenyana.

3. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, ndipo muzithira phulusa m'dzenjemo. Phulusa limachepetsa fungo ndi ntchentche, ndipo siligulidwa.

4. Zovala ndi mateŵera a khanda muzichapa ndi sopo wamba wopanda fungo lamphamvu, kutsukuluza bwinobwino ndi madzi oyera, kuyanika pachingwe padzuŵa ndi kusita. Musathiremo mankhwala ofeŵetsa zovala.

5. Ngati mwaganiza zopopera mankhwala alionse, yambani mwatulutsa ana ndi odwala, vundikirani chakudya ndi madzi akumwa, ndipo musaloŵemo kufikira m'chipindamo mutapita mphepo. Musapopere pafupi ndi moto kapena nyali, chifukwa mankhwala ambiri otere amayaka.

6. Musasakanize mankhwala a klorini oyeretsera zovala ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi kapena pansi. Kusakaniza kotere kumatulutsa mpweya wapoizoni wootcha mapapo.

7. Phikirani panja kapena m'khitchini yopita mphepo, ndi nkhuni zouma, mwana ali patali ndi utsi. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

8. Pobwera kuchipatala kapena kusikelo chepetsani mafuta onunkhira kwambiri. Amene mwakhala naye pa benchi mwina ndi wodwala mphumu.

Nthaŵi Yothamangira Kuchipatala

Musazengereze kunyumba ngati mwana akupuma mofulumira, nthiti zikuloŵa m'kati popuma, m'chifuŵa mukulira, akukanika kuyamwa, kapena milomo yake yasintha mtundu. Khanda likachita chikasu m'maso kapena pakhungu, pitani nalo tsiku lomwelo. Wodwala mphumu akabanika ndi fungo, mtulutseni panja pa mphepo, akhale tsonga, alandire mankhwala ake opumira, ndipo akapanda kupeza bwino msanga thamangirani naye kuchipatala. Kumeneko afotokozereni a dokotala kapena anamwino zonse zimene mumayatsa, kupopera kapena kuchapira kunyumba, ndipo ngati n'kotheka tengani botolo kapena pepala lake.

Aŵerengi athu, ukhondo weniweni sugulidwa m'botolo. Nyumba yosesedwa bwino, yopita mphepo, yoloŵa dzuŵa, yopanda utsi ndi chinyontho, sinunkha kanthu, ndipo imeneyo ndiyo nyumba yaukhondo. Kambiranani nkhani imeneyi ndi anzanu kumudzi, ndipo ngati muli ndi mafunso kaonaneni ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kupeŵa kumaposa kuchiza.