Mmene fumbi la silica fume limalimbitsira konkire

Mainjiniya omanga milatho, madamu ndi nyumba zosanjikizana zitalizitali amathira mu simenti fumbi lotchedwa silica fume, lomwe kale linkangouluka ngati utsi wa m'mafakitale.

Fumbili limachokera m'ng'anjo zamagetsi zosungunulira miyala ya quartz popanga silicon ndi ferrosilicon, momwe kutentha kumafika madigiri pafupifupi 2,000. Linayamba kutoleredwa mu 1947 pafakitale ya Fiskaa mumzinda wa Kristiansand m'dziko la Norway, ndipo kuliyesa mu konkire kunayamba m'zaka za m'ma 1950.

Timbewu take n'tating'ono zedi, moti pafunika timbewu pafupifupi 100 titandandalikidwa kuti tifanane ndi kambewu kamodzi ka simenti. Pachifukwachi timalowa m'timipata totsala pakati pa simenti, mchenga ndi miyala.

Koma ntchito yaikulu imachitika madzi akathiridwa. Simenti ikamauma imatulutsa laimu wotchedwa calcium hydroxide, yemwe ndi wofooka ndipo amakonda kuunjikana mozungulira miyala, pomwe ming'alu imayambira kawirikawiri. Silica, yemwe amaposa 85 peresenti ya fumbili, amagwirana ndi laimuyo n'kupanga calcium silicate hydrate, chomatira chenicheni chimene chimalimbitsa konkire. Motero malo omwe anali ofooka ndi omwe amasanduka olimba.

Konkire wamba womangira nyumba amakhala ndi mphamvu za pakati pa 20 ndi 30 MPa akatha masiku 28, pomwe wa silica fume wosakanizidwa bwino amatha kupitirira 100 MPa. Madzi ndi mchere sizimulowa msanga, choncho zitsulo za mkati zimachedwa kuchita dzimbiri. Mu 1983 konkire wotere anagwiritsidwa ntchito pokonza pansi pa damu la Kinzua ku Pennsylvania, m'dziko la America, pomwe madzi ndi miyala zinaperepesa konkire wakale. Alinso mu Burj Khalifa ku Dubai, nyumba yotalika mamita 828 yomwe inatsegulidwa mu 2010.

Muyezo wozolowereka ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa simenti, kutanthauza makilogalamu awiri ndi theka mpaka asanu pa thumba la makilogalamu 50. Kupyola apo konkire amakakamira ndipo amavuta kuthira.

Apa m'pomwe oyang'anira ntchito za boma ayenera kutsegula maso. Fumbili limamwa madzi ambiri, ndipo mmisiri akaona konkire wauma, dzanja limathamangira ku ndowa. Madzi owonjezerawo amabweza m'mbuyo mphamvu yonse yomwe boma lalipira. Chofunika ndi mankhwala ofewetsa otchedwa superplasticiser.

Vuto lina n'lakuti konkire wotere satulutsa madzi pamwamba monga amachitira wamba, motero amang'aluka asanagwire ngati sanaphimbidwe ndi kunyowetsedwa akangothiridwa. Kumadera otentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje, mgwirizano wa ntchito uyenera kunena poyera za kanyowetsedwe, ndipo zotsatira za kuyesa mphamvu ya konkire zionedwe kaye kontrakitala asanalipidwe.